Kalulu wanga wasiya kudya ndipo zitosi zachepa, nditani?

Funso: Ndili ndi kalulu wamkazi wa zaka ziwiri, wolemera pafupifupi makilogalamu awiri. Timangomusunga pakhomo, si wandiwo ayi. Kuyambira dzulo madzulo sanalaweko kanthu. Wangodzipinda pakona pa khola, ndipo zitosi zomwe ndapeza m'mawa uno n'zochepa, zing'onozing'ono, zouma gwa. Timamupatsa mapeleti, madeya ndi karoti, nthawi zina ana amamugawirako buledi. Aneba akuti wadzimbidwa, ndimumwetse mafuta ophikira ndi kapisozi wa amoxicillin. Ndichite zimenezo, kapena ndidikire mwina adya yekha? Ndine wowerenga wanu wa ku Lilongwe.

Yankho: Zonse ziwiri ayi. Mafuta ndi kapisoziyo zibwerere m'kabati, ndipo zodikirazo muzisiye. Galu akhoza kunyanyala chakudya tsiku lathunthu, mawa lake n'kudzuka akugwedeza mchira. Kalulu sali choncho. Akatha maola 12 osadya, zitosi n'kuchepa kapena kusiyiratu, ameneyo ndi wodwala wofunika kuonedwa ndi dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Wanuyu maola amenewo wawapitirira kale.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mimba yake. Mimba ya kalulu imagaya udzu usana ndi usiku, yosapumira. Chakudya chikachoka m'chifu n'kudutsa m'matumbo aang'ono, chimafika pamphambano pomwe chimagawidwa pawiri. Tizidutswa ta udzu tolimba, tosagayika, timakankhidwira kunja msanga, ndipo ndi timeneti timapanga zitosi zozungulira zija, zomwe kalulu wathanzi amagwetsa 200 mpaka 300 patsiku. Zosalala pamodzi ndi madzi zimabwezedwa m'thumba lalikulu lotchedwa caecum, momwe mabakiteriya ankhaninkhani amazisasitsa monga mowa usasira mumbiya. Chimene chimasonkhezera matumbo onsewa kuti aziyenda ndi udzu wosagayika uja. Ukasowa, kapena kalulu akasiya kudya pa chifukwa china chilichonse, matumbo amayamba ulesi. Zomwe zili m'chifu zimakhalitsa, thupi limayamwamo madzi, zimauma n'kugwirana ndi ubweya womwe kalulu amameza podzinyambita. Mu caecum mabakiteriya abwino amachepa, oipa amachuluka n'kumatulutsa mpweya. Mpweyawo umapweteka, kalulu womva ululu sadya, ndipo akapanda kudya matumbo amaimiratu. Madokotala vutoli amalitcha GI stasis. Kalulu satha kusanza, ngakhale kugeya kumene, choncho cholowa m'mimba mwake njira yotulukira n'kumbuyo basi. Pamwamba pa zonsezi pali chiwindi: thupi likasowa chakudya limayamba kusungunula mafuta ake, mafutawo amakaunjikana m'chiwindi, ndipo pakangodutsa tsiku limodzi kapena awiri chiwindicho chimayamba kulephera ntchito. Akalulu onenepa ndiwo amafulumira kugwa mwa njira imeneyi.

Musanamupatse chilichonse, yambani mwasiyanitsa matumbo aulesi ndi matumbo otsekeka. Zinthu ziwirizi pamaso zimafanana koma chithandizo chake n'chosiyana kotheratu, ndipo chomwe chimachiza china chimapha pa chinzake.

Muikeni pathaulo, pansi kapena patebulo, ataima ndi miyendo yake yonse. Lowetsani dzanja kunsi kwa mimba ndipo mupapase pang'onopang'ono kuseri kwa nthiti zomaliza, makamaka kumanzere, komwe kuli chifu. Chifu cha kalulu wa matumbo aulesi chimamveka chaching'ono kapena ngati ufa wokandira mandasi, chomwe chala chimalowa mukadinikiza. Chifu cha kalulu wotsekeka chimakhala chachikulu, chozungulira, chokungika ngati mpira wopopa bwino, ndipo chimatulukira kuseri kwa nthiti. Gwiraninso makutu. Akazizira zii, pamene kunja sikukuzizira, thupi layamba kufooka. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi cha nsonga yofewa, chipakeni vaselini n'kuchilowetsa mofatsa kumalo ochitira chimbudzi, osapitirira masentimita awiri. Kalulu wathanzi amakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40. Kutsika pansi pa 38 n'kodetsa nkhawa, kufika 37 ndi ngozi yeniyeni.

Mbiri ya matendawo nayonso imakuuzani zambiri. Matumbo aulesi amabwera mokwawa. Dzana anasiya mapeleti n'kumangotolatola masamba, dzulo zitosi zinachepa n'kuda, zina zitalumikizana ndi ubweya ngati mikanda pa ulusi, lero wasiyiratu kudya. Kutsekeka kumagwa ngati mphezi. M'mawa amadya ndi kudumphadumpha, masana ali chigonere, akukanikiza mimba pansi, kusinthasintha kagonedwe, chitosi olo chimodzi palibe. Kawirikawiri chotseka chimakhala kampira ka ubweya wouma kakang'ono ngati njere ya nyemba, komwe kakakamira poyambira matumbo aang'ono, kapena njere yeniyeni, kapena ulusi wa thumba kaya kapeti yomwe amatafuna. Chifu chimadzadza madzi ndi mpweya zosowa kolowera, ndipo kalulu akhoza kufa tsiku lisanathe. Mukaona zizindikiro zimenezi musamudyetse mokakamiza, musamusisite mimba. Mufunditseni n'kunyamuka. Ku Lilongwe kuli zipatala za ziweto, kuphatikizapo cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA. Imbani foni muli m'njira kuti akakudziwireni.

Malinga ndi momwe mwafotokozera, zitosi zikutulukabe ngakhale zili zochepa, ndiye wanuyu akuoneka kuti ndi wa matumbo aulesi. Kwa dokotala apitebe lero, koma pali zomwe mungachite podikira galimoto kapena ngati chipatala chili kutali.

Choyamba ndi kutentha. Ngati makutu akuzizira, thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni m'thaulo n'kuliika pambali pake, pomwe angathe kusunthapo akafuna. Kalulu wozizidwa sagaya chakudya, ndipo kumudyetsa asanafunde n'kungomuwonjezera katundu. Kenako muyeseni ndi zomwe angadye yekha: udzu wauwisi wothyola kumene, chisoso, kholowa, mwamunaaligone, masamba a karoti. Zitsukeni ndipo muzimupatsa zikadali zonyowa kuti amwere pomwepo madzi. Kumugwedezera tsamba pamphuno mpaka atakwiya n'kuliluma ndi njira yomwe imagwira ntchito kawirikawiri, chifukwa akangoluma nthawi zina amapitiriza kutafuna. Muikireninso madzi m'mbale, osati m'botolo la kampopi lokha. Kalulu amamwa bwino m'mbale, ndipo timipopi tija timatseka mwini osadziwa. Patsiku amafuna madzi osachepera mamililita 50 mpaka 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kutanthauza kuti wanuyu akufunika 100 mpaka 200, pafupifupi theka la kapu kapena kuposerapo.

Akakana zonsezo, ndipo mwatsimikiza kuti chifu sichinakungike, mudyetseni ndi sirinji yopanda singano. Kumene chimapezeka, chakudya cha ufa chotchedwa Critical Care cha kampani ya Oxbow ndicho chinapangidwira ntchitoyi. Chikasowa, tengani mapeleti ake omwewo muyeso umodzi, thirani madzi ofunda miyeso iwiri kapena itatu, dikirani afewe, kenako muwatikite ndi sipuni mpaka akhale ngati phala la mwana. Sipuni yaing'ono ya dzungu lophika, lopanda mchere ndi shuga, imathandiza kuti phalalo liziterera. Sirinji ya 1 ml yodulidwa kunsonga kuti bowo likule ndi yomwe sitsekatseka, kungoti mumatunga kambirimbiri. Mukulungeni m'thaulo kusiya mutu wokha, akhale chowongoka miyendo ili pansi. Musamugoneke chagada ngati khanda, phala lingalowe m'mapapo. Kuseri kwa mano akutsogolo kuli mpata wopanda mano. Lowetsani nsonga ya sirinji pamenepo kuchokera m'mbali, finyani theka la mililita kapena mililita imodzi, chotsani, mudikire atafune ndi kumeza. Mlingo wake ndi mamililita 10 mpaka 15 pa kilogalamu nthawi iliyonse, maola 4 mpaka 6 alionse, usiku womwe. Wanuyu ndiye 20 mpaka 30 pa kudya kumodzi, ndipo zikhoza kukutengerani mphindi 20. Ngati phala likungokhala m'kamwa osamezedwa, kapena likutuluka m'mbali, siyani. Kalulu wosameza wafooka kupitirira pa chithandizo cha kunyumba.

Pakati pa kudyetsaku mutulutseni m'khola ayendeyende m'chipinda, popeza kuyenda kumagwedeza matumbo. Mukhozanso kumusisita mimba mopepuka ndi nsonga za zala, kuchokera kunthiti kupita kumbuyo, n'kusiya akangoonetsa kuti zikumupweteka. Madontho a ana ochotsa mpweya a simethicone ambiri amawagwiritsa ntchito. Savulaza, koma musawadalire kwambiri, ndipo asakuchedwetseni kupita kuchipatala.

Tsopano za malangizo a aneba aja. Iwo akuganiza za munthu wodzimbidwa, ndipo cholinga chawo n'chabwino, koma mimba ya kalulu ndi ina. Chomwe chauma m'chifu chimafuna madzi kuti chifewe. Mafuta amangochikuta kunja, madzi n'kulephera kulowa, komanso pomwetsa mokakamiza amatha kupita m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Madzi a chinanazi omwe ena amati amasungunula ubweya nawonso n'chimodzimodzi: ubweya sasungunula, amangowonjezera shuga m'matumbo omwe asokonekera kale. Koma choopsa koposa ndi kapisoziyo. Amoxicillin, ampicillin, penicillin, erythromycin, clindamycin ndi lincomycin akamwetsedwa kalulu amapha mabakiteriya abwino a mu caecum n'kusiyira bwalo a mtundu wa Clostridium, omwe amatulutsa poizoni. Kalulu amaoneka ngati ali bwino kwa masiku angapo, kenako kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha, kenako imfa. Popeza makapisozi amenewa amapezeka m'nyumba zambiri, otsala kwa wina amene sanamalize mankhwala ake, akalulu ambiri amafa ndi chifundo cha eni ake. Mankhwala a anthu opha ululu nawonso musamuyezere nokha. Ndipo poti tili pa zoopsa, mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi fipronil, monga Frontline, amapha kalulu. Chizindikiro choyamba chimakhala chomwechi, kusiya kudya.

Kuchipatala tengani zitosi zomwe mwatola, pang'ono pa chakudya chomwe amadya, ndipo mukumbukire ola lomwe anadya komaliza. Dokotala amapapasa mimba, kuyeza kutentha, kusuzumira m'kamwa, ndipo akakayika amajambula X-ray. Kadontho ka magazi a kukhutu koyezera shuga kamathandizanso: kalulu wa matumbo aulesi shuga wake sakwera kwambiri, pamene akapitirira 20 mmol/L pamodzi ndi chifu chokungika, dokotala amaganizira zotsekeka, zomwe zingafune kutulutsa mpweya ndi chubu kapena opaleshoni. Pa matumbo aulesi chithandizo chimaima pa mafuwa atatu: kupha ululu, kubwezera madzi m'thupi, ndi kudyetsa. Madzi amabayidwa pansi pa khungu kapena kudzera m'dripi. Ululu amaupha ndi meloxicam kapena buprenorphine, ndipo meloxicam amadikira kuti madzi abwerere kaye m'thupi kuopa kuwononga impso. Mankhwala oyendetsa matumbo monga metoclopramide amabwera pambuyo, atatsimikiza kuti njira siyotsekeka. Ngati komwe muli kulibe dokotala wozolowera akalulu ndipo mukuthandizidwa ndi alangizi a ziweto, mafuwa atatu amenewa ndi omwe mupemphe, ndipo mutchule za mankhwala oletsedwa aja mwaulemu koma mosabisa. Akafuna kumugoneka tulo kuti amuchite opaleshoni kapena kukonza mano, kalulu samusalitsa chakudya usiku wonse ngati galu, popeza sasanza.

Matumbo saima popanda chowaimitsa, ndipo chimenecho chikapanda kupezeka vutoli limabwerera pakangopita milungu ingapo. Malo oyamba kuyang'ana ndi m'kamwa. Kalulu ali ndi mano 28 ndipo onse amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita 2 kapena 3 pa sabata. Chomwe chimawapera ndi kutafuna udzu cham'mbali kwa maola ambiri. Mapeleti ndi madeya amangophwanyika msanga, ndiye mano otafunira amatalika n'kutulutsa nsonga zakuthwa: akunsi amalasa lilime, akumwamba amalasa tsaya. Kalulu wotero njala amakhala nayo. Amathamangira chakudya, kutola, kenako n'kuchigwetsa. Chibwano chimanyowa ndi malovu, diso limatha kulira misozi, ndipo mukapapasa m'mphepete mwa nsagwada mumamva timabampu. Mano otafunirawo simungawaone nokha, amafuna chida cha dokotala. Akutsogolo akatalika musawadule ndi chowengera zikhadabo, amang'aluka mpaka kumuzu n'kuchita mafinya.

Kupatula mano, ululu wa kwina kulikonse umamusiyitsa kudya: miyala kapena matope a m'chikhodzodzo, zilonda za kumapazi zobwera ndi khola la waya, msana. Poti wanuyu ndi wamkazi, dziwani kuti akalulu aakazi osachotsedwa chiberekero amadwala kwambiri khansa ya chiberekero akamadutsa zaka zitatu kapena zinayi, ndiye ndi nkhani yofunika kukambirana ndi dokotala akachira. Kalulu ndi nyama yosakidwa, amabisa ululu mpaka utafika posauzana. Kukukuta mano mokweza, maso otsinzina ndi kudzipinda msana ndiwo madandaulo ake onse. Mantha nawonso amaimitsa matumbo: galu wozungulira khola usiku, kusamuka, kufa kwa mnzake. Ndipo mu Okutobala ndi Novembala, khola la malata lopanda mthunzi limatentha kupitirira madigiri 30, pomwe kalulu amasiya kudya n'kumangopuma wefuwefu.

Koma pa nkhani yanuyi wolakwa wamkulu waonekera kale m'funso lanu. Mwatchula mapeleti, madeya, karoti ndi buledi. Udzu simunautchule. Chakudya chenicheni cha kalulu, magawo 8 mwa 10 kapena kuposera, chiyenera kukhala udzu, wauwisi kapena wouma, mulu waukulu ngati thupi lake tsiku lililonse, wopezeka nthawi zonse. Kapinga, udzu wa Rhodes ndi nsenjere zanthete zonse n'zabwino. Masamba ngati chisoso, kholowa ndi mpiru akhale dzanja limodzi lodzadza pa kilogalamu, osakaniza mitundu. Mapeleti magalamu 25 pa kilogalamu akwana, ndiye wanuyu asapitirire magalamu 50 patsiku. Karoti ndi switi, kachidutswa kamodzi mwa apo ndi apo. Buledi, nsima yotsala, mabisiketi ndi chimanga chokazinga, anawo muwauze kuti zatha. Madeya alimi a akalulu andiwo amawagwiritsa ntchito chifukwa amanenepetsa msanga ndipo kaluluyo amaphedwa asanathe chaka. Wanu mukufuna akhale zaka 8 kapena 10, ndiye madeya achepe kwambiri kapena achokeretu. Madeya ndi mtedza zachuku n'zoopsa mwapadera, chifukwa poizoni wa aflatoxin amawononga chiwindi cha kalulu pa mlingo wochepa zedi. Zikanunkha chinyezi kapena kugwirana mabuma, tayani.

Udzu wa chilimwe umakonzedwa dzinja likamatha. Mwetani mu Malichi kapena Epulo usanachite maluwa, uyanikeni masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza mpaka uzithyoka koma ukadali wobiriwirako, kenako muusunge pathandala pouma, osati pasimenti. Masamba ndi mitengo ya mtedza mukakolola zimaumitsidwa chimodzimodzi, koma zikhale zowonjezera chabe. Udzu wauwisi musauunjike m'thumba la pulasitiki kudikira mawa: umatentha, umasasa, ndipo umatupitsa mimba. Wometa ndi makina a pakapinga umasasa msanga kuposa wonse. Pewani wa m'mbali mwa msewu ndi wa m'munda mopoperedwa mankhwala, ndipo ndiwo za kudimba muzitsuke. Masamba ndi zipatso za mapeyala, masamba a mbatatesi ndi a tomato, nsatsi ndi chigwada chachiwisi zisalowe m'khola. Lukina akhale wochepa. Kusintha konseku kuchitike m'masiku 10 mpaka 14, chakudya chatsopano chimodzi pa nthawi, kupatula udzu wouma womwe mungayambe lero lomwe. Mabakiteriya aja amafuna nthawi kuti azolowere, ndipo kumukhuthulira mulu wa kabichi kalulu yemwe sanaidyepo n'kuyambitsa vuto lina.

Pochira mukhoza kuona zitosi zina zofewa, zonyezimira, zogwirana ngati mabulosi, zonunkha kwambiri. Ambiri amathamangira kunena kuti watsekula m'mimba. Ayi, zimenezo ndi zochokera mu caecum, zodzadza ndi mavitamini ndi mapuloteni, ndipo kalulu wathanzi amazidya zikamatuluka kumene, makamaka usiku ndi m'bandakucha, n'chifukwa chake simuziona. Zikamatsala pansi kapena kumatirira kumchira pamene zouma zija zikutulukanso, ndiye kuti akukhuta zakudya zonona, wanenepa moti sakufikira kumbuyo, kapena mano ndi msana zikumupweteka. Muzimupukuta tsiku ndi tsiku, chifukwa ntchentche zikaikira mazira pamenepo mphutsi zimaswa tsiku lisanathe n'kuyamba kudya mnofu. Kutsekula kwenikweni ndi kwa madzi, kopanda chitosi cholimba n'chimodzi chomwe, nthawi zina kosakanikirana ndi zonanda kapena magazi. Kumagwira kwambiri ana a akalulu ongoletsedwa kuyamwa mpaka miyezi inayi, ndipo nthawi zambiri ndi coccidiosis, nthenda ya tizilombo ta m'matumbo yochokera m'khola lonyowa ndi mbale zogwera zitosi. Ameneyo amafuna mankhwala a dokotala monga toltrazuril kapena a gulu la sulfa tsiku lomwelo.

Chithandizo chikayamba musayembekezere zitosi ola lomwelo. Zoyamba zimatha kutenga tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo zimabwera zoipa maonekedwe: zakuda, zopindika, zing'onozing'ono ngati mapira, zina zokutidwa ndi zonanda. Musesere khola m'mawa ndi madzulo kuti muziona zatsopano, ndipo muziika zingapo za tsiku lililonse pa pepala kuti muyerekeze kukula kwake. Kubwerera pa zitosi zazikulu, zotuwira, zomwe mukaziphwanya mukuona tiudzu, kumatenga sabata kapena awiri. Sirinji musaisiye tsiku lomwe waluma tsamba loyamba. Chepetsani pang'onopang'ono pomwe iye akuwonjezera kudya yekha, kawirikawiri amayamba ndi masamba, kenako udzu, mapeleti pomaliza. Muzimuyeza pasikelo ya kukhitchini tsiku lililonse pa ola lomwelo mpaka atachira, kenako kamodzi pa sabata. Akamatsikabe sikelo, kapena akadutsa maola 24 chiyambireni chithandizo osasintha konse, kapena mimba ikayamba kukungika ndi makutu kuzizira, bwererani naye kwa dokotala osadikira tsiku lomwe anakuuzani.